Lamba wa Pamgodi Sapita ku Musana

Lusia mwana wanga,

Kunja kwatentha kwambiri masana ano. Mitambo yasonkhana chakumbali ya Mazowe, koma ikungoopseza, mvula sikugwa. M'nyumba malata akuwotcha, ndiye ndatulutsa mpando ndakhala pansi pa mtengo wa mango kuseli. Iwe uli kwa a Nambewe, akukuluka tsitsi la mawa, ndipo kuseka kwanu kukumveka mpaka kuno. Ndati ndilembe tsopano kunja kukuwala, usanabwere.

Mawa akwawo kwa Farai abwera kudzakutenga, upite ku Musana ukakhale mkazi wa pakhomo pako. Mtima wanga wadzaza. Kuyambira m'mawa ndikungomwetulira ndekha, mpaka nkhuku zikundiyang'ana. Mayi ako, achemwali anga, atatisiya, iwe unali kamwana ka giredi 2, ine ndinali mtsikana wosadziwa ngakhale kugula nyama pamsika. Anthu m'komboni muno ku Bindura ankatiyesa mkulu ndi mng'ono wake. Tinalerana, tinene choncho. Lero wamaliza Fomu 4, ukudziwa kuyankhula pagulu, wapeza mwamuna waulemu amene amavula chipewa akamalowa pakhomo. Ine ndinalekezera ku pulayimale, ndipo pakamwa panga ukupadziwa, mawu amathera kukhosi. Koma dzanja limayesetsa, ndiye uwerenge modekha.

Nkhani ndi ya Lolemba lija. Unabwera kushedi kwathu ndili kudula, unandiuza kuti amayi a ku Musana amva za gulu lathu lopanga nkhwayira, akufuna iwe ukawayambitsire lawo. Ndinasangalala kwambiri, ngakhale sindinaonetse. Kenako unapempha kuti tikupatse mpukutu umodzi wa lamba ukakwere nawo basi, ukayambire pamenepo. Ine ndinati ayi, n'kupitiriza kudula. Pamenepo unati, ponditchula mayi wamng'ono m'Chishona, "Mainini, mwandilera kuyambira ndili wamng'ono, lero mukundimana zinyalala?" Unatuluka, ndipo sabata yonse ino tangoyankhulana za mchere ndi madzi. Sindikufuna upite kubanja ndi mawu amenewo mumtima. Sindikufunanso gulu lako likafe lisanayime. Zinthu ziwirizi ndi zimene zandigwiritsa cholembera.

Unali wamng'ono pamene tinkayamba, mwina zina sukuzikumbukira. A Jumbe, nkhalamba ija ya nyumba ya pakona imene inagwira ntchito pansi pa mgodi moyo wake wonse, anali ndi chidutswa chakuda pakhomo pawo chopukutira mapazi. Tsiku lina ndinapita kukabwereka nkhwangwa, ndinachiponda, ndinamva kuti n'cholimba koma chofewa kuphazi. Ndinafunsa kuti n'chiyani. Anati ndi lamba wonyamula miyala pamgodi, akatha amamuchotsa n'kukamutaya kuseli kwa mpanda, ali mulumulu kumeneko, udzu wamera pamwamba. Masiku amenewo nsapato m'mashopu zinali zitayamba kusowa, zopezekazo mtengo wake unkasintha munthu uli pamzere. Ana a m'komboni ankapita kusukulu opanda kanthu kuphazi, iwenso mmodzi wa iwo, ndipo Okutobala ngati uno unkathamanga kuchoka pamthunzi kupita pamthunzi wina. Ndinapempha chidutswa chija, ndinajambula phazi lako ndi khala, ndinadula. Nkhwayira zoyamba za gulu lathu zinali zako. Anzathu achishona amati manyatera, ukafika ku Musana uzitchula choncho. Kumbukira, Lusia, lamba uja sindinamuitanitse kwina. Ndinamuponda pakhomo pa mnansi.

Cholakwa chathu choyamba chinali kuganiza kuti chotayidwa chilibe mwini. Tinali amayi ochepa, ambiri amasiye, ndipo tinkapita kuseli kwa mpanda m'mamawa n'kumakoka lamba ngati tikukoka ng'ombe yokana. Mlonda anatigwira. A Nambewe, amene ndi wapampando wathu mpaka lero, anamuuza kuti tikuthandiza mgodi kusesa, ayenera kutithokoza. Mlonda sanaseke. Anatitengera kwa kapitawo wa pabwalo. Anzanga anandikankhira kutsogolo poti nzeru inali yanga. Ndinangovula nkhwayira imodzi n'kuiika patebulo pake. Bamboyo anaitembenuza, anaipinda, anafunsa ngati tingapange za mwana wake wamwamuna amene ankang'amba nsapato mwezi uliwonse. Kuyambira pamenepo timalowera pachipata, masana, ndipo akachotsa lamba amatitumizira uthenga. Kumene ukupitako, ngakhale chinthu chili padzala, ufunse mwini dzala. Udzaona kuti ambiri amakondwa wina akawachotsera, koma amafuna afunsidwe.

Kachiwiri tinalakwa chifukwa chosafunsa kuti chinthucho chinkagwira ntchito yanji chisanatayidwe. Nkhwayira zathu zoyamba zinali zolemera, poti tinkadula lamba yense ndi kunenepa kwake. Ana ankayenda ngati abakha, ndipo aphunzitsi ankadziwa kuti wa m'komboni wachedwa asanamuone, phaphapha pakhonde. Izo zinali zoseketsa chabe. Zoopsa zinabwera titapeza lamba wina wopyapyala, wosalala bwino, tinati tapeza mwayi. Tinasoka mapeyala angapo. Posakhalitsa ana amene anavala anayamba kuyabwa mapazi, wina mpaka khungu linasupuka pakati pa zala. A Jumbe atamva anabwera ndi ndodo yawo, ananunkhiza chotsala cha lamba uja, n'kukalipa, akukana m'chilapalapa, chiyankhulo chawo cha pansi pa mgodi, "Ayikhona, ayikhona!" Anatiuza kuti ameneyo amachokera kumbali imene amathira mankhwala, si wonyamula miyala youma. Tinayenda nyumba ndi nyumba kutolera nkhwayira zonse, ndipo lambayo tinamubweza kwa kapitawo kuti akamutaye iwo odziwa. Ana anachira, Mulungu anatichitira chifundo. Tsiku lomwelo a Jumbe anakhala pansi natiphunzitsa kusenda lamba, kulekanitsa mphira ndi nsalu ya mkati, kuti peyala imodzi yolemera ibale awiri opepuka. Nzeru imeneyi anali nayo kuyambira kale, ife sitinawafunse. Kumbukira, mwana wanga, ku Musana kulinso a Jumbe akumeneko. Uwafunefune usanadule kanthu.

Chachitatu chimandiseketsa mpaka lero. Titaphunzira kusenda, nkhwayira zathu zinatchuka. Anthu anagula m'komboni monse, ena anachokera ku Masembura. Tinapeza zophikira ana amasiye phala Loweruka, amayi a m'gulu aliyense ankapita kunyumba ndi kenakake. Kenako zii. Palibe wobwera. Tinkakhala mushedi kuyang'anana, mipeni ili m'manja. A Nambewe ndi amene anatulukira vuto, anati tapanga nsapato zoti mwini wake adzafa, izo n'kupita kumaliro ake wapansi n'kubwerako. Zoonadi, chopondera cha lamba sichitha. Chimene chimatha ndi zingwe, ndipo chimene chimasintha ndi phazi la mwana. Nkhwayira zabwinobwino zinali pansi pa mabedi m'komboni monse poti eni ake zinawathina. Wina m'gulu anati tizidula zopyapyala kwambiri kuti zizitha msanga. Tinakangana tsiku lonse. Ine ndinalibe mawu ambiri, ndinangoti ngati tinayamba kuti ana asapse mapazi, sitingapange dala chinthu chong'ambika. Ndiye tinagwirizana zimene ukuzidziwa, kuti nkhwayira ya mwana ikhale ya gulu. Ikathina, kholo limaibweza, limapereka kachitini ka chimanga kapena nyemba, mwana n'kutenga yokulirapo ya zingwe zatsopano. Yobwezedwayo timaitsuka, timaisokera zingwe zina zochokera ku maovolosi akale a pamgodi, ipite kwa wamng'ono. Chaka chija mashopu anali mbee, ndalama zosagula kanthu, ife shedi yathu sinatsekepo, chifukwa phazi la mwana limakula ngakhale zinthu zivute bwanji. Chilichonse chimene mukapange ku Musana, uzidzifunsa kuti chikatha ntchito kwa woyamba, chidzabwerera bwanji kwa inu.

Koma njira imeneyi inatilowetsa m'cholakwa chimene sindichiseka. Mai Tariro, amene lero amakhala pakhomo pa shedi kulandira nkhwayira, sanali wa m'gulu nthawi imeneyo. Mwana wawo wamkazi anamwalira atadwala masiku ochepa. Patapita kanthawi mlamu wawo anabwera ndi tinkhwayira ta mwanayo, anati tasiya kugwira ntchito pakhomo, anatenga tokulirapo ta mwana wake. Ndine ndinalandira. Sindinafunse kanthu, ndinangotsuka, kusoka zingwe, n'kupereka kwa kamtsikana kena ka mzere wa kumunsi. Chopondera chimodzi chinali ndi kachilema ka lamba, kamzere kodukiza pachidendene, ndipo kankasiya chizindikiro m'fumbi. M'mawa wina Mai Tariro akupita kumpopi anaona mapazi a mwana wawo pansi, atsopano, akulowera kusukulu. Anataya ndowa n'kuwatsatira. Anthu anakawapeza pachipata cha sukulu atakhala pansi.

Madzulo ake anabwera kushedi. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, ndipo ndikanavomera. Iwo anangoti, "Katundu wa mwana wanga sanagawidwe. Wamuyendetsa ndani asanapume?" Kwawo zovala za malemu sizichoka pakhomo mpaka abale atakhala pansi n'kuzigawa, kwathunso ukudziwa kuti sitisewera nazo. Tinapita tonse kwa makolo a kamtsikana kaja, tinafotokoza, tinawapatsa peyala ina. Tinkhwayira tija tinatibweza kwa Mai Tariro titakulunga m'nsalu. Mwambo utachitika, patapita miyezi, anabwera nato okha. Anati tsopano tapuma, tipite kwa mwana wina, koma iwo asankhe mwanayo. Anasankha, anamuveka ndi manja awo, ndipo tsiku limenelo sanabwerere kunyumba msanga, anakhala nafe kutithandiza kutsuka. Mpaka lero ndi iwo amene amafunsa aliyense wobweza kuti mwini nsapato ali kuti, ali bwanji. Ndi iwonso anatiphunzitsa kupala pamwamba pa chopondera n'kumata kansalu katsopano, poti anthu ena safuna mwana wawo aponde pamene panaponda wina. Masiku ano amaseka kuposa tonse, umawamva wekha. Kumbukira, Lusia, chinthu chikamazungulira chimayenda ndi nkhani za anthu. Ukamalandira, uzifunsa.

Nkhani ya utsi uyenera kuikumbukira, poti unatsokomola nawo. Tikadula zopondera pankatsala tizidutswa tambirimbiri, ndipo tinadzaza ngodya yonse ya shedi. Ife amene tinkanyadira kuti timatola zotayidwa, zathu tinaziunjika pabwalo n'kuyatsa moto. Linali Loweruka, tsiku lochapa. Utsi wakuda unakwera n'kugwera pazingwe zonse za m'komboni. Bulauzi yoyera ya a Nambewe ya kumpingo inasanduka ngati yochokera pansi pa mgodi, ndipo Lamulungu anaimba kwaya atabisala kumbuyo kwa anzawo. Amayi a mzere wonse anabwera kudzatilalatira, wina anati mgodi unkataya zinyalala zake mwaulemu kuposa ife. Zinatipweteka chifukwa zinali zoona. Tinasiya kuwotcha, koma mulu unkakulabe. Tsiku lina ndikutunga madzi ndinaona mpopi wathu ukudontha monga unkachitira chaka chonse, ndinadula kamphira kozungulira, Farai wako yemweyo ndi amene anamasula mpopi n'kukaika, paja nthawi imeneyo ankapeza zifukwa zambiri zodutsira pashedi. Mpopi unasiya kudontha. Lero timphira timeneto tili m'mipopi ya m'komboni monse. Zidutswa zazitali timapanga zolumikizira zitseko za makola a nkhuku, zina anyamata okonza njinga amatenga za mabuleki, ndipo tinyenyeswa totsiriza timatiboola n'kutitunga pawaya, tikhale chopukutira mapazi. Ngodya ija tsopano timaikamo mpando wa alendo. Gulu lako likadzayamba, usamangoyang'ana zimene ena ataya. Uziyang'ananso pansi pa tebulo lanu.

Tsopano ndifike pa cholakwa chimene chinandiyankhulitsa kuti ayi. Unali kusukulu yogonera pamene kunabwera alendo a bungwe lina lothandiza, anthu abwino ndithu, anakonda ntchito yathu. Anaona zingwe zathu za maovolosi, zofiirira, zina zokhala ndi zigamba, anati atithandiza. Anatitumizira makatoni a zingwe zapulasitiki zochokera kunja, zofiira, zapinki, zobiriwira, zonyezimira. Tinavina tsiku limenelo. Ana anazikonda, palibe ankafunanso za ovolosi. Tinauza abambo a pamgodi kuti asavutikenso kutisungira maovolosi akale, iwo anayamba kupukutira mafuta n'kutaya. Koma pulasitiki uja akaduka sasokeka, singano ikalowa amang'ambika. Zoduka zinkangodzaza m'ngalande. Makatoni atatha tinatumiza uthenga, anatiyankha mwaulemu kuti ntchito yawo kuno inatha, apita kudera lina. Tinatsala ndi zopondera zopanda zingwe, maovolosi kulibe, ana atazolowera zapinki. Zinatitengera nyengo yonse ya mvula kuti tibwerere pamene tinali. A Nambewe anayenda okha nyumba ndi nyumba kupepesa abambo aja, ena anawaseka kuti madona a pinki abwerera. Alendo aja sanatilakwire. Tinalakwa ife posiya chimene chinali pakhomo pathu n'kutsamira chimene chimabwera pagalimoto.

Waona tsono, mwana wanga. Ndikanakupatsa mpukutu uja, ndikanakhala ngati alendo aja. Amayi a ku Musana akanavina, mukanadula nkhwayira zokongola, dzina lako likanamveka. Mpukutu ukanatha mvula isanathe. Ukanatumiza uthenga kuno, ife n'kuyamba kudikira basi imene masiku ano imabwera ikafuna, mafuta akapezeka. Ndiponso ukudziwa kuti mgodi sukugwira ntchito ngati kale, lamba sachotsedwa kawirikawiri, mulu wa kuseli kwa mpanda ukutsika. Tsiku lina ndikanakuyankha kuti palibe. Pamenepo iwe, mtengwa wa dzulodzulo pamudzi wa eni, ukanaima pamaso pa amayi amene anasiya minda yawo kudzakhala nawe, ulibe chowapatsa. Akanati mwana wa pamgodi anatibweretsera zinthu zosakhalitsa. Zimenezo ndi zimene ndinaona Lolemba pamene unkapempha, koma zonsezi kuti zituluke pakamwa panga zinakanika, panangotuluka ayi. Sindinakumane chifukwa chokonda lamba kuposa iwe.

Za banja a Nambewe ndi amayi a kumpingo akuuza kale zambiri, ine amene sindinakwatiwepo ndingawonjezepo chiyani. Ndingoti miyezi yoyamba usafulumire kuyambitsa gulu. Uyambe wadziwa kumene amatunga madzi, amene amamvedwa akayankhula, amene ali ndi njala koma sanena. Chishona umachidziwa kuposa Chichewa, pamenepo sindikuda nkhawa, koma uziwomba m'manja monga amachitira iwo, usamapatse moni uli chiimire ngati uli pamzere wa chigayo cha m'tauni. Wina akakutcha Mubhurandaya, monga amatitchulira ife ana a obwera, umuuze kuti inde, agogo ako anayenda ulendo wautali kudzakumba miyala kuno, ndipo upitirize zimene ukuchita. Gulu likadzayamba, zoyamba kupindula zipite kwa amene munayambira gululo, kaya ndi ana, kaya ndi nkhalamba, ndipo onse aziona ndi maso. Usakhale wapampando. Pezani a Nambewe akumeneko, wapakamwa, wobadwira pomwepo, iwe ukhale pambali pake. Ndipo Farai umulole azimasula mipopi, amakondwa akamafunidwa.

Pali chinthu chimene sukudziwa. Lachitatu ndinakuuza kuti ndikupita kuchipatala kukaonetsa dzino. Dzino langa lili bwino. Ndinakwera basi ya ku Musana, ndekha, ine amene sindinapitepo kutali kuposa msika wa m'tauni popanda wondiperekeza. Usiku wa Lolemba ndinayamba kuopa kuti mwina ndakukaniza lamba pamene kumeneko kulibe chilichonse chotola, ndiye ndinati ndikaone ndi maso anga. Ndinatsika pamalo olakwika, ndinayenda m'minda dzuwa lili pamutu, ndikuchita manyazi kufunsa njira. Mayi wina amene ankachokera kudimba anandiyang'ana kumapazi n'kunena kuti manyatera amenewo ndi a ku Bindura, ndiye inu ndinu mainini a muroora wathu, kutanthauza mtengwa wawo. Anali apongozi ako. Ndinafuna kulowa pansi. Anandigwira dzanja mpaka kunyumba, anapha nkhuku, anandifunsa chimene ndabwerera. Nditafotokoza m'Chishona changa chothyokathyoka anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anamanga nsalu m'chiuno nati tiyeni. Tinazungulira mudzi wonse, amayi awiri akuluakulu, tikusuzumira m'maenje a zinyalala a anthu. Agalu anatiuwa, ana anatitsatira. Takhala tikusunga chinsinsi chimenechi awirife, ndipo ndikuuze kuti wapeza apongozi abwino.

Lusia, ku Musana n'kolemera. Ndinaona matumba a feteleza atawaunjika m'mphepete mwa minda kudikira moto. Ndinaona zikopa za mbuzi ndi ng'ombe zitakolekedwa pamipanda ya makola, zikuuma n'kupindika, agalu akuzikoka, poti wogula zikopa anasiya kubwera. Pakhomo lina pali nkhalamba imene ikudziwa kufufuta chikopa mpaka chifewe ngati nsalu, ndipo inatiuza kuti palibe amene anaifunsapo kuti imuphunzitse. Ndinaona zina zambiri, koma ndalekeza pamenepa dala. Maso ako ndi akuthwa kuposa anga, ndipo amayi akumeneko akudziwa zimene ine mlendo wa tsiku limodzi sindinaone. Mwina simudzapanga nsapato n'komwe. Mwina zidzakhala zikwama za sukulu, mwina zingwe za ng'ombe, mwina chinthu chimene ine sindingachiganize. Pobwerera m'basi ndinkangoseka ndekha, mayi amene ndinakhala naye pampando anasunthira kutali.

Dzulo ndinauza gulu zonsezi, ndipo ndinayankhula nthawi yaitali mpaka Mai Tariro anandifunsa ngati ndadwala. Tagwirizana chinthu chimodzi. Tsiku limene udzatitumizire chinthu choyamba chopangidwa ndi manja a amayi a ku Musana, kuchokera ku zotayidwa za ku Musana, kaya n'chokhota, kaya n'choseketsa, ife tonse tidzakwera basi kubwera kumeneko. Tidzanyamula lamba, osati ngati mphatso, koma kudzasinthana ndi zanu, gulu ndi gulu linzake. A Nambewe ati iwo adzakhala pampando wa kutsogolo ndipo muwakonzere nkhuku yawoyawo. A Jumbe ati miyendo ikalola nawonso abwera, akufuna akaone nkhalamba ya zikopa ija ngati ikudziwadi ntchito.

Ndikumva mawu ako panjira, mwamaliza kuluka. Ndipinda pepalali ndiliike m'sutikesi mwako pansi pa nsalu, ukaliwerenge ukafika. Ukalowa ndikuyang'ana tsitsi, ndikuuza kuti wakongola, ndipo zimenezo ndinena ndi pakamwa. Pita bwino, mwana wanga, ukatiitane msanga.

Ndine mayi ako aang'ono,
Enelesi

Ndamaliza kulemba Lachisanu, 5 koloko madzulo.